Muziyeza kaye musanagule zoika m'galimoto ndi m'bafa

Akonzi,

Tiloleni tiyankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi anthu amene akumanga nyumba zokhala ndi bafa la m'kati komanso amene agula galimoto n'kufuna kuiwonjezera zina ndi zina m'kati mwake. Ena adabwa kuti bafa ndi galimoto zikulowa bwanji m'kalata imodzi. Zikulowa chifukwa katundu wake amagulitsidwa mofanana ndipo amawonongeka mofanana. Amabwera m'katoni yokongola, atapangidwira nyengo, makoma, mapaipi ndi magalimoto a dziko lina, wogulitsa n'kungoti, "Tengani bwana, izi zimakwana paliponse." Pakapita miyezi itatu chogwirira foni chagwa, mpopi ukudontha, chopachikapo thaulo chazuka pamodzi ndi chibenthu cha tailosi. Mwiniwake amati anamugulitsa feki. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri chinthucho chinali bwinobwino, kungoti panalibe amene anayeza malo amene chikukakhala.

Tiyambe ndi kamphira kooneka ngati kambale kamene kamamata pagalasi, chifukwa kamapezeka uku ndi uku: pa chogwirira foni, pa chotchingira dzuwa, pa choikamo sopo. Kamphirako kalibe guluu. Mukakakanikiza, mpweya wa kunsi kwake umatuluka, ndiye mpweya wa kunja ndi umene umakapanikiza pagalasipo. M'mbali mwa nyanja yamchere mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe n'kokwera mamita opitirira 1,000, mphamvuyo imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ku Dedza kuposa apo. Komabe chimene chimakagwetsa kwenikweni ndi mpweya wobwerera pang'onopang'ono, ndipo kanjira kochepa ngati tsitsi n'kokwanira. Tailosi ya timizeremizere, mpata wa pakati pa matailosi, fumbi, sopo wouma, dashibodi yokhakhala, zonsezi ndi njira za mpweya. Timphira totchipa timapangidwa ndi pulasitiki ya PVC yofewetsedwa ndi mankhwala. Dzuwa likaomba miyezi ingapo mankhwalawo amachoka, kamphira kamauma n'kupinda milomo, osagwiranso ngakhale mukanyowetse bwanji.

China chimene ogula sachiganizira ndi kutalika kwa mkono wa chogwirira foni. Foni yolemera magalamu 200 ikakhala kunsonga kwa mkono wa masentimita 20, pamene kamphira n'kotambalala masentimita 6 okha, mlomo wa m'mwamba wa kamphirako umakokedwa ngati mwapachikapo zoposa theka la kilogalamu. Galimoto ikagwa m'dzenje kapena kudumpha bampu, kukokako kumachuluka kawiri kapena katatu. Pamisewu yathu yafumbi sankhani cha mkono waufupi, kapena chokhala ndi kaphazi kotsamira padashibodi, kuti kulemera kwa foni kusakhale pa kamphira kokha.

Tepi yomata mbali ziwiri nayo anthu amainamizira. Ija yoyera yofewa ngati siponji siyenera m'galimoto, imasungunuka n'kusiya ulimbo. Yoyenera ndi ya akiriliki, yotuwa kapena yakuda, koma nayonso ili ndi malamulo ake. Pukutani malowo ndi sipiriti mpaka kansalu kazituluka koyera, dikirani paume, matani, kanikizani zolimba kwa theka la mphindi, kenaka musapachikepo kanthu mpaka mawa lake. Opanga tepi zoterezi amanena kuti imafika pa mphamvu yake yonse pakatha maola 72. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ambiri amamata pomwepo n'kuikapo foni asanatuluke n'komwe pa geti. Vuto lalikulu ndi polishi wa dashibodi amene otsuka magalimoto amapaka kuti iziwala. Muli silikoni, ndipo pa silikoni sipamata chinthu. Pamafunika kupukuta kawiri kapena katatu. M'bafa tepi yomweyo ikhoza kunyamula kokolekera siponji pa tailosi yosalala, koma shelefu yagalasi musaiike pa tepi, chifukwa madzi a sopo amalowa m'mbali pang'onopang'ono ndipo tsiku lomatuka silidziwika.

Kutentha kwa m'galimoto si kwa masewera. M'mwezi wa Okutobala, ku Chikwawa ndi ku Nsanje panja pamafika madigiri 40, ndipo dashibodi ya galimoto yotseka magalasi imapitirira madigiri 70. Kampani ya Apple imalemba kuti mafoni ake azigwiritsidwa ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo a makampani ena sasiyana kwambiri. Tsono foni ili pagalasi lakutsogolo, dzuwa likuiwomba, ili pa tchaja, mapu ali otsegula: batire limatupa mpaka kukankha sikirini. Chogwirira chopanira pa timazenera totulutsa mpweya chimathandiza foni kuzizira, koma timapiko ta pamenepo tinagwira ndi timsonga ta pulasitiki tochepa ngati machesi, ndipo tikathyoka m'galimoto yakale n'kovuta kutipeza. Sankhani chokhala ndi mbedza yokola kumbuyo ndi kaphazi kotsamira kunsi. Zitini za mankhwala opopera zimalembedwa kuti zisapitirire madigiri 50. Zimenezi, laita ndi pawabanki, malo ake si padashibodi.

Pomwe foni ikhale pafunikanso kuganizira. Pa dashibodi ya kumanzere, kutsogolo kwa wokwera, fufuzani mawu oti SRS AIRBAG. Pamenepo pali chitseko chobisika chimene chimang'ambika airbag, thumba la mpweya loteteza munthu pa ngozi, ikamatuluka, ndipo imatuluka m'kuphethira kwa diso, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Chilichonse chimene mwamatapo, kaya ndi chogwirira foni, chidole, kabotolo ka pafyumu kapena kapeti ya padashibodi yomatidwa ndi guluu, chimasanduka mwala wolunjika kumaso kwa wokwera. Magalimoto ambiri a masiku ano alinso ndi airbag m'mbali mwa mipando yakutsogolo, ndipo pamakhala kachizindikiro kosokerera. Msoko wa pamenepo anaupanga dala wosalimba kuti udzatumbuke. Atelala athu amasoka zovundikira mipando zokongola kwambiri, ndi ulusi wa nayiloni wolimba, n'kutseka mbali yomweyo. Auzeni asiye mbali yoyang'ana kuchitseko yotsegula, ndiponso aboole bwino potulukira chomangira lamba, chisamire m'nsalu.

Pa makapeti a pansi pokhapo tikupempha owerenga atimvetsere. Magalimoto athu, ambiri ochokera ku Japan, chiwongolero chili kumanja. Makapeti ochuluka otchipa amapangidwira magalimoto a chiwongolero cha kumanzere. Mukaika yotere, yodulidwa mosiyira mpata mapedulo imapita kwa wokwera, yayitali n'kubwera kwa dalaivala, ndipo mabowo ake sagwirizana ndi timbedza ta pansi. Kapeti yosakoledwa imasuntha pang'onopang'ono mpaka mlomo wake kukwera pamwamba pa pedulo ya moto kapena kulowa kunsi kwa buleki. Mu Ogasiti 2009, ku California, anthu anayi a banja limodzi anafa pamene pedulo ya moto ya Lexus inakodwa mu kapeti yamphira ya galimoto ya mtundu wina, yaikulu kuposa malowo. Chaka chomwecho Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America chifukwa cha nkhani ya makapeti. Kuno timaonjezera vuto posanjikiza kapeti yamphira pamwamba pa yansalu poopa matope a dzinja. Ikani imodzi yokha, ikoleni m'timbedza take, ndipo injini ili yozimitsa pondani pedulo iliyonse mpaka pansi n'kuisiya, muone ngati ikubwerera osakhudza kapeti. Ikakhudza, idulireni ndi mpeni kapena ichotseni. Chovekera chiwongolero nachonso chizigwirizana ndi kukula kwake, kumene m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi masentimita 37 kapena 38. Cholowa mosavuta ndi chachikulu, ndipo chidzatembenuka chokha m'manja pa kona.

Soketi yoyatsira fodya imapereka ma volt 12, ndipo fyuzi yake kawirikawiri ndi ya ma amp 10 kapena 15. Ndiye kuti mphamvu yake imathera pa ma watt 120 mpaka 180. Inveta ya ma watt 300 imakoka ma amp oposa 25. Fyuzi ikapsa, ena amaikapo yaikulu kapena kukulunga kawaya, kuiwala kuti fyuzi imateteza waya wa kumbuyo kwa dashibodi. Fyuzi ikalephera kupsa, umapsa ndi wayawo. Chinthu chokoka moto wambiri chikokereni waya wakewake wonenepa kuchokera ku batire, fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo, ndipo pobowoleza chitsulo cha pakati pa injini ndi m'kati pakhale kamphira koteteza kuti waya asadyeke. Mukaona mapulagi achikasu kapena mtolo wa mawaya wokutidwa chikasu kunsi kwa mpando ndi kuseri kwa chiwongolero, amenewo ndi a airbag. Musasendepo, musayesepo ndi babu. Waya wa kamera ya kutsogolo adutse kuseri kwa airbag ya m'mbali mwa galasi, osati kuidutsa kutsogolo.

Wailesi ya galimoto ya ku Japan imagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene mawailesi athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake imangogwira masiteshoni ochepa. Kabokosi kolumikiza pa waya wa eriyo kamasuntha manambala kuti ena alowe, koma nambala ya pa wailesi siigwirizananso ndi yeniyeni, ndipo masiteshoni awiri nthawi zina amagundana. Osintha wailesi yonse adziwe kuti zogulitsidwa zambiri n'zotambalala mamilimita 180, pamene bowo la ma Toyota ambiri ndi la 200. Pamatsala mpata wa sentimita imodzi mbali iliyonse, wofunika timapulasitiki take totsekera. Pa pulagi ya wailesi yatsopanoyo, waya wofiira amapita kumoto wa kiyi, wachikasu kumoto wosazima. Mukawaphatikiza onse kumoto wosazima, m'mawa mupeza batire latha. Mukawaphatikiza ku kiyi, wailesi iziiwala masiteshoni nthawi iliyonse mukazimitsa.

Tsopano tilowe m'bafa, mmene ndalama zimawonongeka zambiri chifukwa cholakwa chimakwiririka m'khoma. Funso loyamba, musanasankhe mpopi kapena shawa, n'lakuti madzi anu amabwera ndi mphamvu yanji. Lamulo lake n'lapafupi: mamita 10 a kukwera kwa madzi amapereka bar imodzi, yomwe ndi 100 kPa. Ndipo kukwerako timayeza kuchokera pa madzi a m'thanki kufika pa mutu wa shawa, osati kufika pansi. Thanki ikakhala pa sitandi ya mamita 4, mutu wa shawa uli mamita 2 kuchokera pansi, mwatsala ndi mamita 2 okha, kuphatikizapo kuya kwa madzi a m'thankimo. Imeneyo ndi 0.2 bar thanki ikatsala pang'ono kutha, mwina 0.35 ikadzaza. Mipopi yambiri ya chogwirira chimodzi, yosakaniza otentha ndi ozizira, inapangidwira bar imodzi kapena kuposa, chifukwa timabowo ta m'kati mwake n'tating'ono. Mitu ya shawa ikuluikulu ngati mbale ija imafuna madzi ochuluka kuti timabowo tonse tituluke. Pa thanki yotsika, madzi amangochucha m'mbali ngati denga lodontha, mwini nyumba n'kumadzudzula pulambala.

Yesani ndi ndowa ya malita 10 ndi wotchi. Chotsani mutu wa shawa, tsegulani mpopi wonse, muone kuti ndowa idzaza m'nthawi yaitali bwanji. Ikapitirira mphindi imodzi, iwalani za mutu waukulu. Gulani waung'ono wa timabowo tokulirapo, ndi mipopi iwiri yopotokola ya washala, imene imalola madzi ambiri ndiponso kukonza kwake n'kotchipa. Paipi yotsika kuchokera ku thanki ikhale ya mamilimita 25 kapena 32, muichepetse kufika pa 15 pafupi ndi mpopi penipeni. Kona iliyonse imadya mphamvu, choncho chepetsani makona, ndipo pa thanki ikani valavu ya mpira yotsegula bowo lonse. M'mitu ina ya shawa ndi m'mipopi muli kapulasitiki kochepetsa madzi, koikidwira mayiko a madzi amphamvu. Pa thanki kachotseni. Amene madzi awo amachokera ku bodi ya madzi ali ndi vuto lina: masana amafooka, usiku amabwera mwamphamvu, ndipo akabwerera atasowa amabwera ndi mchenga. Kasefa kamodzi kutsogolo kwa mita kamapulumutsa mipopi yonse ya m'nyumba, chifukwa kamchenga kamodzi kamakala timbale ta seramiki ta m'mpopi wa chogwirira chimodzi, ukayamba kudontha osasiyanso.

Giza ili ndi msampha wake. Madzi ozizira akachokera ku bodi mwachindunji, otentha n'kuchokera ku giza yodyetsedwa ndi thanki, amphamvuwo amakankha ofookawo m'mpopi wosakaniza. Wosamba amangosinthasintha, apa kuzizira, apa kuwotcha. Mbali zonse ziwiri zichokere pa gwero limodzi, kutsogolo kwa valavu imodzi yoyendetsa mphamvu ya madzi. Magiza ochokera ku South Africa amalembedwa mphamvu yake, monga 100, 400 kapena 600 kPa, ndipo valavuyo isapose nambala ya gizayo. Madzi akamatentha amafufuma. Giza ya malita 150, ikatenthetsa madzi kuchokera kozizira, imatulutsa malita awiri kapena atatu kudzera pa kapaipi kotayira. Kudontha kumeneko ndi umboni woti zinthu zikuyenda bwino. Pali anthu amene amatseka kapaipiko poopa bilu, ndipo ameneyo wasandutsa giza kukhala bomba padenga pa ana ake. Kutentha kukhale pa madigiri 60. Kutsika kwambiri, tizilombo timaswana m'madzi ofundawo, komanso dziwani kuti madzi a madigiri 60 amasupula khungu la mwana m'masekondi ochepa, choncho pothira m'bafa muziyamba ndi ozizira.

Mashawa amagetsi otenthetsa pomwepo afala chifukwa n'otchipa. Ya ma watt 5,500 pa magetsi athu a ma volt 230 imakoka ma amp 24. Waya wa masoketi, uja wa masikweya milimita 2.5, sakwanira. Pamafunika waya wakewake wa 4 kapena 6 kuchokera pa bolodi, swichi yake kunja kwa bafa, waya wa earth wolumikizidwa ndithu, ndi chodula magetsi cha 30 mA chimene chimathimitsa moto ukangodutsa m'thupi la munthu. Kulumikiza mawaya ndi tepi pamwamba pa mutu wa wosamba ndi kuitana maliro. Musayembekezerenso zambiri: ya ma watt 3,500 imakweza kutentha ndi madigiri 20 pa malita awiri ndi theka okha pa mphindi. M'mwezi wa Juni ku Mzuzu madzi amangofunda pokhapokha mutachepetsa mpopi.

Mipopi yonse m'sitolo imanyezimira mofanana, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wabwino ndi wa brass, chitsulo chachikasu chija. Unyamuleni, umalemera. Suzumirani m'kati mwa mazinga ake, muone chikasu. Wopepuka, wotuwa m'kati, ndi wa zinki, umene umadyeka ndi madzi n'kuthyoka pakhosi, chidutswa n'kutsalira m'khoma. Maginito amakuuzani chitsulo wamba chopakidwa kuwala, chimene chidzachita dzimbiri, koma sasiyanitsa mitundu ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ya 304 ndi yotchipa ya 201. Funsani cholembedwa pa chinthucho. Mazinga a mapaipi athu ndi a mtundu wa BSP. Katundu wotumizidwa ndi abale a ku America ndi wa NPT, ndipo pa theka la inchi amalowa ngati akugwirizana, koma mano ake anapendekeka mosiyana, madigiri 60 m'malo mwa 55. Amadontha ngakhale mukulunge tepi yochuluka bwanji. Tepi yoyera ya mapaipi ikulungidwe motsata kumene nati imazungulira pomanga, apo ayi imasomphonoka. Timapaipi tofewa tolukidwa ndi waya, ta kunsi kwa sinki, sitifuna tepi konse chifukwa tili ndi washala. Mangani ndi dzanja, muonjezere pang'ono ndi sipanala, basi. Kumanga mopitirira kumadula washala. Ndipo musasunge mankhwala a klorini osatseka kunsi kwa sinki, chifukwa mpweya wake umadya waya wolukidwayo mpaka kuphulika usiku.

Chimbudzi chogejemula chigulidwe paipi yonyamula zoipa isanakwiriridwe. Pali zotulutsira kumbuyo, zimene pakati pa bowo lake pamakhala pafupifupi mamilimita 180 kuchokera pansi, ndi zotulutsira pansi, zimene bowo lake limatalikira khoma mosiyanasiyana. Zochokera ku China zambiri ndi 300 kapena 400. Muyesowo uwerengedwe kuchokera pa khoma lomata kale matailosi. Ukaphonya ndi masentimita atatu, kathanki sikatsamiranso khoma kapena chimbudzi sichikhala pabowo, mmisiri n'kuyamba kuunjika simenti kuzungulira. Paipi ikhale ya mamilimita 110, yotsetsereka sentimita imodzi pa masentimita 40 mpaka 60 alionse. Zimbudzi za masiku ano zimathira malita 6, kapena 3 pa batani laling'ono, ndiye paipi yosatsetsereka bwino imatsekeka msanga. Valavu yodzazira kathanki nayonso ilipo ya madzi amphamvu ndi ya madzi ofooka. Mukaika ya amphamvu pa thanki, kudzaza kumatenga theka la ola. Kuti mudziwe ngati kathanki kakutaya madzi mwakachetechete, pukutani kumbuyo kwa m'mbale ya chimbudzi patapita nthawi osagejemula, mumatepo kapepala kouma. Kakanyowa, mphira wa pansi pa kathanki watha, ndipo malita mazanamazana akhoza kumapita tsiku lililonse. Zibulumwa za mankhwala zoponya m'kathanki ndi zimene zimafulumiza kutha kwa mphirayo.

Pansi pa shawa payenera kutsetsereka sentimita imodzi ndi theka kapena awiri pa mita iliyonse, kulunjika ku bowo lotayira. Kutsetserekako kupangidwe pa simenti ya pansi, osati kukonzera pa guluu wa matailosi. Matailosi akuluakulu a masentimita 60 sapindika, choncho mozungulira bowo amasiya zithaphwi. Ang'onoang'ono ndi amene amatsata kutsetsereka, ndiponso mipata yake imagwira phazi. Matailosi osalala a kukhoma asaikidwe pansi. Onyowa ndi sopo amaterera kuposa ndere. Dziwaninso kuti matailosi satseka madzi. Madzi amadutsa m'mipata, ndiye pulasitala wa chipinda choyandikana amayamba kutukumuka ndi kuchita chuku. Pakani mankhwala otseka madzi kawiri musanamate, pansi ponse ndi makoma a shawa mpaka kupitirira mutu wa munthu, kenaka tsekani bowo, thirani madzi, muwasiye maola 24 muone ngati atsika. Bowo lililonse likhale ndi khosi lopindika losunga madzi okuya masentimita osachepera 5. Madzi amenewo ndiwo chitseko cha fungo ndi mphemvu. Bafa la alendo likamanunkha, nthawi zambiri madziwo angouma, ndipo kapu imodzi ya madzi imathetsa nkhani.

Chopachikapo thaulo chimazuka chifukwa cha masamu osavuta. Tailosi ndi mamilimita 8, guluu wake 5, pulasitala 15. Pamodzi ndi 28. Masikuluu obwera m'katoni amakhala a 30 kapena 35. Ndiye kuti angogwira pulasitala, njerwa angoikhudza pang'ono chabe. Atayeni, mugule a mamilimita 70 ndi mapulagi a 8, kuti osachepera 40 alowe m'njerwa. Pulagi ilowe mpaka kupitirira tailosi, chifukwa ikafufumira m'tailosi imaing'amba. Pobowola matani tepi ya pepala kuti nsonga isaterereke, zimitsani hamala ya dirilo mpaka tailosi itabooka, ndipo pewani mzere woongoka wa pamwamba ndi kunsi kwa mpopi, mmene mumadutsa paipi. Mabuloko a simenti, amene achuluka masiku ano, ali ndi mphako m'kati, ndipo pulagi wamba imangozungulira. Pamafunika pulagi yomanga mfundo kuseri, kapena, chabwino koposa, kudzaza konkire m'mabuloko a pomwe padzakhale sinki pamene khoma likumangidwa. Sinki imangidwe ndi mabawuti ake awiri, mlomo wake uli masentimita 80 mpaka 85 kuchokera pansi, chifukwa tsiku lina mwana adzaikwera. Silikoni wonunkha viniga amadya siliva wa kumbuyo kwa kalilole n'kusiya mawanga akuda. Pa kalilole gwiritsani wosanunkha, ndipo m'mbali mwa bafa wolembedwa kuti amateteza chuku, mumusiye maola 24 asananyowe.

Kwa eni masitolo a hadiweya ndi a zida zamagalimoto, pempho lathu n'lakuti muzilemba poonekera zinthu zinayi izi: mphamvu ya madzi imene mpopi ukufuna, mtundu wa mazinga, muyeso wa bowo la chimbudzi, ndi mbali ya chiwongolero imene kapeti inadulidwira. Zambiri mwa izi zili kale m'mapepala a opanga, zimangotayidwa pamodzi ndi katoni. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lingathandize polamula kuti katundu wotere asalowe wopanda zolembedwazi, ndipo sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira ziphunzitse achinyamata kuyeza ndi ndowa asanatchule mtengo kwa kasitomala. Safunsa anadya phula, koma wogula angafunse bwanji chinthu chimene wogulitsa nayenso sachidziwa?

Tatsala ndi zogwirira za agogo, odwala ndi olumala, zimene nyumba zambiri zatsopano zilibe. M'masitolo mwabwera zogwirira zomata ndi timphira tija tafotokoza poyamba. Chonde musawagulire makolo anu zimenezo. Zimagwira lero, mawa mpweya walowa, ndipo zimamatuka pa nthawi yomwe munthu waterereka n'kuziyedzamira ndi thupi lonse. Chopachikapo thaulo nachonso sichogwirira. Chogwirira chenicheni ndi cha stainless, chonenepa mamilimita 32 mpaka 38 kuti dzanja lichizungulire, chotalikira khoma pafupifupi masentimita 4, chomangidwa ndi masikuluu atatu mbali iliyonse olowa m'njerwa. Ku America lamulo limafuna kuti chizipirira kulemera kwa makilogalamu 113. Chimodzi chigone m'mbali mwa chimbudzi, china chiime polowera m'shawa, ndipo musanabowole muitaneni mwiniwakeyo akhale, aimirire, akuonetseni pomwe dzanja lake limafika. Chimbudzi cha munthu wovutika mawondo chikwere kufika masentimita 45 mpaka 48, m'malo mwa 40 wa nthawi zonse. Chitseko chizitsegukira kunja, ndi loko yotheka kutsegula muli panja, chifukwa munthu akagwa m'bafa laling'ono amagwera kuchitseko, ndipo chotsegukira m'kati simungachikankhe osamupweteka.

Ife anu,
Amisiri a mapaipi ndi a magetsi a galimoto,
Lilongwe.